Funsani Amisiri: Batire Lotupa, Netiweki ya M'malire ndi Mafoni a ku Joni

Makalata a mwezi uno achokera ku Moatize, Domwe, Zobue, Ulongwe, Furancungo, Tsangano ndi mumzinda wa Tete. Akuyankha ndi amisiri athu okonza mafoni ndi oyika magetsi a sola.

Ndimachita kabaza wa njinga yamoto pakati pa Moatize ndi Matundo. Foni ndimaimangirira pa handulo ndipo imakhala pa tchaja ya njinga tsiku lonse. Tsopano chivindikiro cha kumbuyo chatukuka, ndipo moto ukafika pa 30 imangozima. Mnzanga akuti ndiboole batire ndi singano kuti mpweya utuluke. Nditero? — Wakabaza, Moatize

Musayerekeze, achimwene. M'kati mwa batire muli timapepala topyapyala tosanjikizana, tonyowa ndi mankhwala oyaka. Singano ikatilumikiza batire limayaka pompo, ndipo moto wa lithium sumva kuphimba ndi nsanza.

Chatupitsa batire lanu ndi kutentha. Opanga mafoni amalemba kuti foni izigwira ntchito pamalo otentha kuyambira madigiri 0 mpaka 35. Kuno m'chigwa cha Zambezi, mu Okutobala ndi Novembala, timapitirira 40 ngakhale pamthunzi. Ndiye taonani zomwe foni ikukumana nazo pa handulopo: dzuwa likuomba pa galasi, sikirini yawala mpaka kumapeto kuti muziona, data ili yoyatsa, tchaja nayo ikukankha moto m'batire lodzaza kale. Mankhwala aja akapsa chonchi amayamba kutulutsa mpweya, ndipo poti kathumba ka batire n'komatidwa, kamafufuma n'kukankha chivindikiro. Kuzima pa 30 kuja n'chizindikiro chakuti batire lafooka: foni ikafuna mphamvu yambiri, monga poyimba kapena pojambula, mavoti amagwa mwadzidzidzi ndipo foni imaona ngati moto watha.

Lero lomwe, sungani manambala anu mu akaunti ya Google, zimitsani foniyo, ndipo musaitchajenso. Usiku isagone pansi pa pilo kapena pafupi ndi chigubu cha petulo. Iikeni pa simenti kapena m'phale. Kwa mmisiri, onetsetsani kuti nambala yolembedwa pa batire latsopano ikufanana ndi ya lakale, osati "lofanana kukula" chabe. Mmisiri wodziwa amafewetsa guluu ndi kutentha pang'ono n'kutukula batire ndi kapulasitiki. Mukamuona akulowetsa sikuludiraiva pansi pa batire, tengani foni yanu muzipita.

Batire latsopano mulisamale motere: tchajani usiku kapena m'mamawa kukadazizira, mutavula kabha wa raba, ngati foni ili ndi malo oletsa kutchaja kupitirira 80 kapena 85, yatsani pamenepo, masana foni izikhala m'thumba la malaya, muziitulutsa kasitomala akaimba. Ikatentha musaiponye m'firiji, chifukwa potuluka imachita thukuta m'kati ndipo madziwo amadya mawaya. Handulo ili ndi vuto linanso: kunjenjemera kwa injini kumaononga kamera ya mafoni ena, moti kampani ya Apple idachenjeza za zimenezi mu 2021.

Kumudzi kwathu magetsi a kampani ya EDM sadafike. Ndikufuna kuyamba geni yotchaja mafoni, mwina 15 patsiku. Ndili ndi sola ya mawati 20 ndi batire la njinga yamoto. Zikwana? — Mlimi wa mbatata, Domwe

Sizikwana, bambo, ndipo tiyeni tiwerengere limodzi kuti musataye ndalama za mbatata.

Mafoni amakono ambiri ali ndi batire la 5000 mAh. Kuchulukitsa ndi mavoti ake, pafupifupi 3.85, tikupeza 19 Wh (Wh ndi muyeso wa mphamvu: mawati kuchulukitsa ndi maola). Mphamvu ina imatayika m'njira ngati kutentha, choncho werengerani 25 Wh pa foni iliyonse yobwera itatheratu. Mafoni 15 ndiye 375 Wh patsiku. Sola ya mawati 20, patsiku la dzuwa labwino, imapereka cha m'ma 75 Wh, chifukwa dzuwa lamphamvu limakhala la maola ngati 5 okha ndipo gawo lina limatayikira m'mawaya ndi m'batire. Amenewo ndi mafoni atatu basi. Batire la njinga la 12V 7Ah limasunga 84 Wh, koma batire la asidi salikama kupitirira theka. Mukamalikama mpaka pansi silitha miyezi ingapo. Komanso mabatire a njinga ndi a galimoto adapangidwira kuliza injini kwa kamphindi, osati kupereka moto pang'onopang'ono tsiku lonse.

Sola ya mawati 100 ingakwanitse mafoni 15 pamasiku a dzuwa. Koma ku Angonia kuno mukudziwa mmene Juni ndi Julayi amakhalira, chifunga mpaka 10 koloko, ndiponso mitambo ya m'dzinja. Ife tingakuuzeni kuti mugule ya mawati 150, batire la sola la 12V losachepera 50Ah, ndi kontirola ya maampu 20, kachipangizo koyendetsa moto pakati pa sola ndi batire. Ngati makasitomala ambiri ali ndi timafoni ta mabatani, katunduyu akhoza kuchepa, chifukwa kafoni ka 1000 mAh kamadya mwina 5 Wh yokha.

Polumikiza pali ndondomeko yomwe ambiri amaiphonya. Yambani kulumikiza batire ku kontirola, kenako sola, pomaliza zotchajira. Pomasula muyambe ndi sola. Mukayamba ndi sola batire palibe, kontirola zina zimapsa kapena zimasokonezeka pa mavoti. Pa waya wofiira wochoka ku batire ikani fyuzi pafupi ndi batirelo. Waya akagundana popanda fyuzi amafiira ngati khala, ndipo denga laudzu silichedwa. Sola iyang'ane kumpoto, yopendekeka pang'ono, ndipo muziipukuta fumbi ndi zitosi za mbalame. Tsamba limodzi lophimba ngodya limagwetsa mphamvu ya sola yonse.

Inveta musagule ngati ntchito yake ndi mafoni okha. Imakweza 12V kufika 220V, tchaja n'kutsitsanso kufika 5V, ndipo paulendo wonsewo mphamvu ikungotayika. Inveta imadyanso batire ngakhale palibe foni yolumikizidwa. Gulani timatchaja ta m'galimoto ta mabowo a USB, tolembedwa 5V 2.4A, n'kutilumikiza ku kontirola. Koma waya wa 12V asakhudze foni mwachindunji ngakhale kamodzi. Mafoni ambiri "ongofa osadwala" omwe amafika kwa amisiri kuchokera kumidzi amakhala atapsa kachipangizo kolandira moto chifukwa cha zimenezi. Zingwe mukhale nazo za mitundu iwiri, micro-USB ya mafoni akale ndi USB-C, yomwe tsopano yalowa paliponse. Ngakhale iPhone idasamukira ku USB-C mu 2023.

Ndimagulitsa tomato pa Zobue. Kawirikawiri foni yanga imalemba dzina la netiweki ya ku Malawi pomwe ndili mbali yathu ino, ndipo kiredito amatha ndisadaimbe kwambiri. Kodi foni yalodzedwa? — Mayi wa geni, Zobue

Siyidalodzedwe, mayi. Nsanja ya netiweki sidziwa malire. Pa Zobue, pa Calomue ndi m'midzi ya Tsangano yoyandikana ndi msewu wa Dedza ndi Ntcheu, nsanja za Airtel ndi TNM nthawi zina zimamveka bwino kuposa za kwathu, makamaka phiri likatchinga. Foni ikasiyidwa kuti izisankha yokha, ikataya netiweki yake kwa kanthawi imakakamira ya kutsidya, ndipo mumayamba kulipira ngati mlendo m'dziko la eni. Pamwamba pa sikirini pamaoneka kachilembo R. Pamenepo ngakhale kulandira foni kukhoza kukudulani ndalama.

Mankhwala ake ndi kuiletsa kusankha yokha. Lowani mu Settings, kapena Definições ngati foni ili m'Chipwitikizi, pitani pa Mobile network, kenako Network operators. Zimitsani posankha yokha, dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri kuti ifufuze, ndipo dinani dzina la kampani yanu, kaya Vodacom, Movitel kapena Tmcel. Pomwepo zimitsaninso Data roaming. Dziwani kuti mukatero, malo omwe netiweki yathu sifika foni izingokhala chete m'malo modumphira kutsidya. Zimenezo n'zomwe tikufuna.

Amalonda ambiri a m'malire amayenda ndi ma SIM awiri, ya +258 ndi ya +265. Ngati inunso mutero, iliyonse muimangirire ku netiweki yake mwa njira yomweyi, ndipo muuze foni kuti izifunsa SIM yoti iimbire. Achibale a kutsidya muziwaimbira pa WhatsApp. Mawu okha sadya kupitirira mega imodzi pamphindi.

Popeza takamba za m'malire: tchaja zogulidwa ku Malawi zimakhala za mano atatu amakona, pomwe masoketi athu ambiri ndi a mabowo awiri ozungulira. Mavoti ndi ogwirizana, vuto ndi mano okha. Gulani adaputa, osamapinda mano kapena kulowetsa mawaya osenda m'soketi.

Mlamu wanga wabwera kuchokera ku Johannesburg ndi mafoni ogwiritsidwapo kale ntchito. Ina akuti ili ndi RAM 8, memori 256, kamera ya 108, pamtengo wotsika kwambiri. Ndiyang'ane chiyani ndisadapereke ndalama? — Mphunzitsi, Ulongwe

Aphunzitsi, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Manambala atatu omwe mwauzidwawo ndi omwe amanamizira anthu kwambiri, ndipo si omwe angakuuzeni ngati foniyo idzakutumikirani.

Yambani ndi umwini. Imbani *#06#, patuluka IMEI, nambala yozindikiritsa foniyo, ya manambala 15, kapena ziwiri ngati foni ndi ya ma SIM awiri. Ifanane ndi yolembedwa pa bokosi kapena pa kathireyi ka SIM. Ilembeni m'kabuku, chifukwa ndi yomwe apolisi adzafune foni ikadzabedwa. Kenako mlamu wanuyo aichotse akaunti yake ya Google, aifafanize foni yonse inu mukuona, n'kuiyatsanso. Ikayamba kufunsa akaunti ya mwini wake wakale yomwe iye saidziwa, ibwezeni. Pa iPhone loko yotereyi ndi ya iCloud ndipo njovuta koposa. Chenjeraninso ndi mafoni a ngongole, olipira pang'onopang'ono. Amagwira bwino masiku angapo, kenako amadzitseka chifukwa wogula woyamba adasiya kulipira. Mukaona pulogalamu ya kampani ya ngongole yokana kuchotsedwa, musagule.

Chachiwiri, netiweki. Mafoni ena ochokera kunja amakhala omangidwa ku kampani imodzi. Lowetsani SIM yanu, imbani, yatsani data, muone ngati 4G ikubwera. Kenako yesani SIM ya kampani ina. Mafoni opangidwira msika wa ku America nthawi zina alibe Band 20, ya 800 MHz, yomwe imafika patali ndipo imadaliridwa kumidzi. Foni yotere imagwira bwino pa boma koma mukangotuluka kulowera ku Domwe ikhoza kugwera pa netiweki yochedwa.

Tsopano manambala aja. "RAM 8" kawirikawiri ndi 4+4: 4 GB yeniyeni, inayo ndi gawo la memori losungiramo zinthu lomwe foni imabwereka, ndipo n'lochedwa kwambiri. Mu About phone zimalembedwa. RAM yeniyeni ya 4 GB ndi yokwanira WhatsApp, Facebook ndi zolemba za kusukulu. Ya 2 GB idzakutopetsani. Memori ya 256 pa foni yachinyengo imangolembedwa, m'kati muli 16 kapena 32. Iyeseni potumizamo mavidiyo ambiri n'kuwatsegula. Yabodza imayamba kukana kapena kuononga mafayilo. Za kamera, ife sitisamala nazo kwenikweni. Jambulani chithunzi m'kalasi mopanda kuwala kwambiri, mukulitse, muone ngati zolembedwa pa bolodi zikuwerengeka. Kamera yabwino ya mamegapikiseli 12 imaposa yachabe ya 108.

Chomwe ogulitsa satchula ndi msinkhu wa Android. WhatsApp idasiya kugwira pa mafoni osafika Android 5 mu 2023, ndipo mapulogalamu a mabanki amafuna yatsopano kuposa pamenepo. Foni yomwe kampani yake idasiya kuitumizira zokonza chitetezo ili ngati nyumba yopanda mpiringidzo. Apa makampani akusiyana kwambiri: Samsung idalonjeza zaka 7 pa Galaxy S24 ya 2024, pomwe mafoni ambiri otchipa amalandira kwa nthawi yochepa. Tecno, Itel ndi Infinix, zomwe zadzaza m'misika yathu, zonse ndi za kampani imodzi ya ku Shenzhen yotchedwa Transsion. Ubwino wake ndi wakuti magalasi ndi mabatire ake amapezeka msanga kwa amisiri. Foni yachilendo yokongola ikasweka galasi ku Ulongwe, mudikira mpaka wina apite ku Joni.

Pomaliza yesani thupi lake: kokani kachizindikiro kamodzi ndi chala kuzungulira sikirini yonse, ndipo kakagwa panjira ndiye kuti pamenepo padafa. Pa Samsung, *#0*# imatsegula malo oyesera mitundu, sipika ndi kunjenjemera. Ikani tchaja mugwedeze chingwe pang'ono muone ngati ikudukiza. Mlamu ndi mlamu, koma akulembereni kapepala kokhala ndi IMEI ndi tsiku.

Ndikagula mamega a sabata amatha masiku awiri, chonsecho ndimangocheza pa WhatsApp. Akundibera? — Wophunzira, Tete

Musadaloze chala, lowani mu Settings, Data usage, muone mndandanda wa mapulogalamu ndi mamega omwe iliyonse yadya. Wakuba amapezeka pamenepo, ndipo nthawi zambiri ndi wa m'nyumba momwemo.

WhatsApp ikasiyidwa mmene idabwerera imakopera yokha zithunzi za m'magulu onse, la tchalitchi, la kalasi, la maliro. Mu Storage and data chotsani zonse pa gawo la mobile data. Ma status a vidiyo nawo si aulere. Play Store muiuze kuti izikonzanso mapulogalamu pa Wi-Fi pokha, chifukwa pulogalamu imodzi ikhoza kumeza mamega 100 usiku mukugona. Google Photos isamakweze zithunzi pa data. Mavidiyo a TikTok ndi Facebook ndiwo chilombo chenicheni: ola limodzi likhoza kudya theka la giga kapena kuposa, ndiye zimitsani kusewera kokha kapena ikani Facebook Lite. Ngati mudapatsapo anzanu hotspot, sinthani pasiwedi.

Chinanso, werengani bwino phukusi lomwe mwagula. Ena ndi a usiku wokha, ena ndi a mapulogalamu ochezera okha. Akatha, foni imayamba kudya kiredito wanu pamtengo wokwera osakuuzani.

Ndidalandira uthenga woti ndalama zalowa mu akaunti yanga ya pafoni. Posakhalitsa bambo wina adaimba akulira kuti watumiza molakwika, ndimubwezere. Ndidabweza. Poyang'ana, zanga ndi zomwe zachoka. Zidatheka bwanji? — Mayi, Furancungo

Pepani, mayi. Ndalamazo sizidalowe n'komwe. Uthengawo adaulemba ndi manja wakubayo, kutengera mmene mauthenga enieni amaonekera, n'kuutumiza kuchokera pa nambala wamba. Uthenga weniweni umabwera ndi dzina la kampani pamwamba, m'mzere womwewo wa mauthenga akale, osati ndi nambala yoyamba ndi 84, 86 kapena 82. Kulirako ndi mbali ya ntchito yake, kuti musapeze mpata woganiza.

Zikadzachitikanso, dulani foni n'kuyang'ana nokha ndalama zomwe zilimo: *150# pa M-Pesa, *898# pa e-Mola. Ngakhale zitalowadi, musabweze nokha. Muuzeni aimbire kampani, ndiyo ili ndi njira yobwezera. Pa zomwe zachitikazi, musafufute uthengawo kapena nambala yake. Imbirani kampani msanga, muwapatse nambala ya malonda yomwe ili mu uthenga wotsimikiza kuti mwatumiza, kenako kanenani kupolisi. Kuchedwa kumapatsa wakuba nthawi yokatapa kwa ajenti.

Msampha winanso wa anthu omwewa ndi wopempha kuti muwawerengere manambala 6 omwe abwera pa foni yanu. Amenewo ndi kiyi wa WhatsApp yanu. Akawapeza amayamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Yatsani Two-step verification mu WhatsApp lero. PIN ya ndalama isakhale chaka chobadwa, ndipo ngakhale ajenti musamuuze. Apereke foni mulembe nokha.

Mwana wanga ali ku sekondale. Ndimugulire tabuleti kapena foni? Ena akuti ndidikire ya 5G. — Bambo, Tsangano

Ngati cholinga ndi kuwerenga mabuku a PDF, tabuleti ya mainchesi 10 ndi yabwino kwa maso. Koma funsani ngati imalowa SIM. Matabuleti ambiri otchipa ndi a Wi-Fi yokha, ndipo ku Tsangano Wi-Fi muipeza kuti? Ikhale ndi RAM yeniyeni ya 4 GB, memori 64, ndi malo a memori khadi. Batire lake ndi lalikulu, 7000 mAh kapena kuposa, ndiye pa sola muiwerengere ngati foni imodzi ndi theka. Timatabuleti ta ana topanda dzina, ta raba wa mitundumitundu, tisiyeni. Galasi likasweka palibe pogula lina.

Za 5G musadikire. Imayambira m'mizinda ikuluikulu, ndipo ndalama yowonjezerayo ndi bwino ipite pa kabha wolimba ndi galasi loteteza.

Foni yagwera m'ndowa ya madzi. Ndaikwirira mu mpunga. Ndidikire masiku angati? — Mtsikana, Ulongwe

Itulutseni, mpungawo muphike. Sukoka madzi a m'kati, umangotseka bowo la tchaja ndi fumbi. Chomwe chimapha foni yonyowa ndi moto wodutsa m'madzi, choncho ikhale yozima: osayesa kuiyatsa "kuti muone ngati ikugwira", osaitchaja, osaiyanika padzuwa kapena pafupi ndi mbaula. Chotsani SIM ndi memori khadi, ndi batire ngati limachoka, ipukuteni, muiimike bowo la tchaja litaloza pansi. Ifike kwa mmisiri tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, aitsegule, amasule batire, atsuke bolodi ndi isopropyl alcohol. Ngati m'ndowamo mudali sopo kapena mchere, musagone nayo, chifukwa dzimbiri lobiriwira limayamba pa bolodi usiku umodzi.